ZA UMOYO M'BANJA: DOKOTALA NAYE AFUNIKA BUKU LA ZITSAMBA

Ulendo uno tikambirane nkhani imene aliyense amaidziwa koma ndi ochepa amene amaitchula pamaso pa dokotala. Ambiri a ife tikamafika pa chipatala timakhala titamwa kale kanthu. Wina waphika masamba a gwafa chifukwa cha m'mimba, wina wanyika khungwa la muwawani, wina wapatsidwa mizu ndi apongozi ake, ndipo wina watumiziridwa botolo lokongola ndi mwana wake wa ku Joni. Dokotala akafunsa kuti, "Kodi mwamwa mankhwala ena alionse?" timayang'ana pansi n'kuyankha kuti ayi. Pamene wina walimba mtima n'kutchula dzina la mtengo, kawirikawiri dokotalayo alibe poti n'kufufuza kuti mtengowo umachita zotani m'thupi la munthu.

Tiyeni titenge chitsanzo cha Mitundu ndi Nathenje, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe. Ambiri a ife a kunyanja timawadziwa malowa chifukwa cha malonda a usipa ndi utaka, ndipo ena tili ndi ana athu amene anakwatiwa kapena akugwira ntchito kumeneko. Ku Mitundu kuli chipatala cha boma chimene chimalandira anthu a m'midzi yambiri, mpaka ya kufupi ndi nkhalango ya Dzalanyama. Ku Nathenje, m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Dedza, kuli chipatala chaching'ono. Matenda akakula, odwala amatumizidwa ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central mu mzinda. Anamwino, azamba ophunzira ndi madokotala a m'zipatala zoterezi ali ndi buku la Unduna wa Zaumoyo lotchedwa Malawi Standard Treatment Guidelines, limene limawauza mankhwala oyenera pa nthenda iliyonse ndi muyezo wake. Bukuli n'labwino ndithu, koma ntchito yake ndi mankhwala a chipatala. Silinalembedwe kuti lifotokoze za muwawani, bwazi kapena mwanamphepo, chonsecho zimenezi ndiye zili m'mimba mwa odwala ambiri amene ali pa mzere panja. Ife tikuti pambali pa buku limenelo pafunika lina la zitsamba, ndipo tifotokoza zifukwa zake.

MTENGO UMODZI, MAINA AMBIRI

Vuto loyamba ndi la maina. Mtengo umene Achewa amati mlambe, Ayao amati mlonje. Umene ena amati bwemba, ife ena timati mkwesu. Tsono ganizirani namwino wochokera ku Makanjira atatumizidwa kukagwira ntchito ku Mitundu, kapena dokotala wobadwira ku Nathenje atatumizidwa ku Namwera. Wodwala atchula dzina la mtengo m'chinenero cha kwawo, womuthandizayo akuudziwa mtengowo ndi dzina lina, kapena sakuudziwa n'komwe. Chovuta kwambiri n'chakuti nthawi zina dzina limodzi limatchulidwa pa mitengo ingapo yosiyana. Dzina loti mwanamphepo limaperekedwa ku zomera zingapo zoyanga za mtundu wa mpesa wa kutchire, ndiponso ndi dzina la nthenda imene. Choncho amayi awiri akhoza kunena kuti amwa mwanamphepo koma atamwa zinthu ziwiri zosiyana mphamvu.

Akatswiri a zomera anathana ndi vutoli popatsa chomera chilichonse dzina limodzi la Chilatini limene limadziwika pa dziko lonse. Muwawani ndi Cassia abbreviata, bwazi ndi Securidaca longepedunculata, mvunguti ndi Kigelia africana. Dokotala akapeza dzina limeneli, akhoza kudziwa zimene ofufuza a ku Zambia, Tanzania kapena India anapeza pa mtengo womwewo. Kuno kwathu ntchito yolumikiza maina athu ndi maina amenewa inayamba kalekale. Mayi Jessie Williamson anatulutsa buku lotchedwa Useful Plants of Nyasaland mu 1955, ndipo linakonzedwanso n'kutuluka mu 1975 ndi dzina loti Useful Plants of Malawi. Mu 1972 mayi Blodwen Binns anatulutsa ku Zomba buku la maina a zomera za m'Malawi. Mu 1996 bambo Brian Morris anatulutsa Chewa Medical Botany, buku lofotokoza mitengo imene asing'anga a m'chigawo cha kumwera amagwiritsa ntchito ndi nthenda zimene amachiza nayo. Ku Zomba komweko kuli nyumba yosungira zitsanzo za zomera, ya bungwe la National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1987, kumene tsamba kapena duwa lokayikitsa likhoza kufanizidwa ndi zitsanzo zouma mpaka dzina lake lenileni litadziwika.

MANKHWALA NDI POIZONI ZIMASIYANA PA MUYEZO

Chachiwiri ndi nkhani ya muyezo. Ena amaganiza kuti chilichonse chochokera ku mtengo sichingapweteke munthu poti n'chachilengedwe. Mwabvi ndi khungwa la mtengo, koma unatha anthu. Nthanga za nsatsi zili ndi poizoni woti mwana akazitafuna akhoza kufa. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso umaononga. Muzu wa bwazi, umene umagwiritsidwa ntchito pa nthenda zambiri, unaphapo amayi m'maiko a kuno atauika kumaliseche. Mafuta a nthanga za nimu, mtengo umene tili nawo wambiri kunyanja kuno, anadwalitsa makanda ku Malaysia ndi ku India atawamwetsa. Madokotala a ku Malaysia analemba mu 1981 za ana amene anasanza, kukomoka ndi kuzizimuka chifukwa cha mafutawo.

Abale athu amene ali ku South Africa amve ichi. Ku KwaZulu-Natal kuli chomera chotchedwa impila, chimene dzina lake la Chilatini ndi Callilepis laureola. M'zaka za m'ma 1970 madokotala a ku Durban anazindikira kuti imfa zambiri zadzidzidzi za anthu oonongeka chiwindi ndi impso zimachokera ku chomerachi. Anapezanso kuti chimatsitsa kwambiri shuga wa m'magazi. Zimenezi zitalembedwa, dokotala wa kumeneko akalandira munthu wokomoka amene abale ake atchula impila, amadziwa msanga kuti ayeze shuga ndi kumuika diripi, ndiponso kuti ayang'anire chiwindi ndi impso. Phindu la kulemba ndi limeneli: zimene chipatala china chinaphunzira anthu atafa, dokotala wa kutali amazipeza pa tsamba limodzi wodwala wake akadali moyo.

MAI WOYEMBEKEZERA NDI MWANAMPHEPO

Nkhani imene imatikhudza kwambiri m'mabanja mwathu ndi ya amayi oyembekezera. M'midzi yambiri ya m'chigawo chapakati ndi kumwera, mayi akayandikira masiku ake, akuluakulu amam'patsa mwanamphepo kuti njira itseguke ndiponso kuti matenda asachedwe. Amatero mwachikondi, pofuna kumuchepetsera ululu. Mu 2018 kunatuluka kafukufuku wa bambo Collins Zamawe ndi anzawo, wochokera pa kaundula wa amayi zikwi zingapo a m'boma la Mchinji, limene limachita malire ndi Lilongwe. Anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa anayi alionse anamwa mwanamphepo, ndipo pakati pa amene anamwawo zovuta za pobereka ndi matenda kapena imfa za makanda zinali zochulukirapo kuposa pakati pa amene sanamwe.

Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. Chiberekero chikamakoka mwamphamvu khomo lake lisanatseguke, kapena mwana atagona molakwika, kapena mutu wake uli waukulu, mwanayo amabanika ndipo chiberekero chikhoza kung'ambika. Ku chipatala nakonso kuli mankhwala olimbikitsa matenda, koma amaperekedwa mu diripi, dontho ndi dontho, mzamba akumvera mtima wa mwana, ndipo akaona kuti zayamba kuipa amatseka diripiyo. Mankhwala amene mayi wamwa kale m'chikho palibe angawatseke. Tsono ngati mzamba wa ku Mitundu kapena ku Nathenje sanauzidwe kanthu, akhoza kuonjezera mankhwala a chipatala pamwamba pa a kunyumba, mphamvu n'kukhala ziwiri. Akauzidwa, ndipo ngati ali ndi buku lomufotokozera zimene chomeracho chimachita, adziwa kuti mayi ameneyu asamusiye yekha, ndipo ambulansi yopita ku mzinda aiitane nthawi ikadalipo.

MANKHWALA AKAKUMANA M'THUPI

Chachitatu ndi kulimbana kwa mankhwala. Masiku ano m'mabanja ambiri muli wina amene amamwa mapiritsi tsiku ndi tsiku: a ma ARV, a chifuwa chachikulu, a kuthamanga kwa magazi, a shuga, a khunyu kapena a kulera. Mapiritsi ambiri amasungunulidwa ndi chiwindi. Pali zitsamba zina zimene zimafulumizitsa chiwindi pa ntchitoyi, moti mankhwala amatuluka m'thupi asanagwire ntchito. Chodziwika kwambiri ndi chitsamba cha ku Ulaya chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa m'mabotolo kwa anthu ovutika maganizo. Mu 2000 ofufuza a ku America anaonetsa kuti chimachepetsa ndi theka ndi kupitirira mankhwala a HIV otchedwa indinavir m'magazi. Chimafooketsanso mapiritsi a kulera, ndipo sichiloledwa kwa anthu akumwa dolutegravir, amene ali m'mapiritsi omwe anthu ambiri m'Malawi anayamba kulandira kuchokera mu 2019. Mu 2002 kafukufuku wina anaonetsa kuti makapisozi a adyo anachepetsa pafupifupi ndi theka mankhwala ena a HIV otchedwa saquinavir. Apa tikunena za makapisozi amphamvu, osati adyo wa m'ndiwo.

Munthu amene mankhwala ake afooketsedwa chotere sadziwa kanthu. Iye akumwa mapiritsi ake mokhulupirika, koma kachilombo kakuchuluka ndipo kakuyamba kupima mankhwalawo. Dokotala amene sadziwa za botolo la ku Joni lija akhoza kumuganizira kuti amadumphitsa masiku. N'chimodzimodzinso ndi mankhwala a chifuwa chachikulu, amene paokha amalemetsa chiwindi. Wodwala akachita chikasu m'maso, dokotala afunika kudziwa ngati vuto lachokera ku mapiritsi kapena ku mizu imene akumwera pamodzi, chifukwa akalakwa kuganiza aimitsa mankhwala amene akupulumutsa munthuyo. Nawonso mankhwala otsuka m'mimba, ngati atengedwa kawirikawiri, amachotsa mchere wofunika m'magazi, zimene n'zoopsa kwa munthu wodwala mtima.

BUKU SILINYOZA ZITSAMBA

Mwina wina akuganiza kuti buku lotere likhala chida chonyozera asing'anga. Sichoncho ayi. Mankhwala ambiri a chipatala anachokera ku mitengo, ndipo anafika kumeneko kudzera m'zolembedwa. Kwinini anachokera ku khungwa la mtengo wa cinchona wa ku South America, ndipo anapatulidwa mu 1820. LA amene boma linayamba kupereka pa malungo mu 2007 ali ndi mphamvu yochokera ku chitsamba cha Artemisia annua. Mayi Tu Youyou wa ku China, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2015, anapeza njira yoitulutsira atawerenga buku la sing'anga Ge Hong lolembedwa zaka zoposa 1,600 zapitazo. Bukulo linati chitsambacho chinyikidwe m'madzi n'kufinyidwa, ndipo pamenepo mayiyo anazindikira kuti kuwiritsa ndiko kumapha mphamvu yake.

Dziko lathu nalo linaperekapo lake. Dokotala John Kirk, amene anayenda ndi David Livingstone pakati pa 1858 ndi 1863, anaona alenje a m'chigwa cha Shire akupaka kombe ku mivi yawo. Nthanga za kombe zitatumizidwa ku Edinburgh, Thomas Fraser anapeza kuti poizoni yemweyo, pa muyezo wochepa kwambiri, amalimbitsa mtima wofooka, ndipo pofika 1885 anali mankhwala a chipatala. Ndiponso mwambo wolemba za zitsamba si wachilendo kwa ife. Ibn Sina anamaliza buku lake lalikulu la zachipatala mu 1025, ndipo gawo lake lachiwiri limafotokoza mankhwala pafupifupi 800, limodzi ndi malamulo a kayesedwe kake. Ibn al-Baytar wa ku Malaga, amene anamwalira ku Damascus mu 1248, analemba za mankhwala ndi zakudya pafupifupi 1,400, akusiyanitsa zimene anaona yekha ndi zimene anangomva kwa ena.

Kusiyanitsa kumeneko ndiko kumapanga buku labwino. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa mabuku anayi a zitsamba pakati pa 1999 ndi 2009, ndipo muli adyo, jinja, masamba a nimu, masamba a gwafa ndi mafuta a nsatsi. Pa chomera chilichonse amalemba padera ntchito zimene zinayesedwa pa anthu, padera zimene zinalembedwa m'mabuku akale a mankhwala, ndi padera zimene anthu amangonena koma zilibe umboni. Kenaka amatchula muyezo, anthu amene sayenera kumwa, ndi mankhwala amene chomeracho chimalimbana nawo. Dokotala wokhala ndi buku lotere akhoza kuuza mayi kuti, "Jinja wanuyo pitirizani, koma ichi chisiyeni mpaka mutabereka." Yankho lotere munthu amalimvera, kusiyana ndi kumuuza kuti zonse za kumudzi n'zachabe, pamene iye akudziwa kuti zina zinamuthandizapo.

Akuluakulu a ku Machinga ndi Mangochi akukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira kwa bambo Billy Goodson Chisupe kukamwa mchape, umene ankati umachiza Edzi. Nthawi imeneyo ma ARV aulere kunalibe, anayamba mu 2004, ndipo anthu anali atasowa pogwira. Umboni woti mchape unachotsa kachilombo sunapezeke. Phunziro lake n'lakuti pamene anthu ophunzira alibe yankho lomveka pa chitsamba, mphekesera ndiyo imayankha.

ZIMENE ZIKUSOWABE

Tisadzinamize kuti mabuku amene alipo akukwanira. A WHO ali ndi zomera zambiri za ku Asia ndi ku Ulaya. Buku la African Herbal Pharmacopoeia la mu 2010 lili ndi zomera za mu Africa pafupifupi 50 zokha. Mabuku a mayi Williamson ndi bambo Morris amatiuza zimene anthu amachita ndi mtengo, koma sanalembedwe kuti atsimikize ngati mtengowo umachizadi. Onsewa ndi a m'Chingerezi, ndi aakulu, ndipo namwino amene ali ndi odwala ambirimbiri pa mzere alibe nthawi yowafufuza. Chofunika ndi kabuku kakang'ono kolowa m'thumba la yunifolomu, kapena kokhala pa foni, kokhala ndi mitengo imene anthu amamwa kwambiri, maina ake m'Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chilomwe ndi Chisena, chithunzi chake, zizindikiro za munthu amene wamwa mopyola, ndi chithandizo choyamba. Pamene ofufuza sanapeze yankho, kabukuko kanene poyera kuti mtengowu sunayesedwe.

Anthu otha kulemba kabuku kotere alipo. Pafupi ndi Mitundu pomwepo pali sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ku Bunda, kumene kuli akatswiri a zomera ndi nkhalango. Pali sukulu ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences, pali a Herbarium ku Zomba, ndi bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2019. Koma mutu umodzi susenza denga. Asing'anga ndi azamba a m'midzi akhale nawo pa mphasa yomweyo, pakuti iwo ndiwo akudziwa khungwa liti limasemedwa mwezi uti ndi kuti limasakanizidwa ndi chiyani. Nzeru zawo zilembedwe ndi chilolezo chawo, ndipo phindu likadzapezeka asaiwalidwe. Ntchitoyi isachedwe, chifukwa nkhalamba zodziwa mitengo zikutha, ndipo mitengo ya m'Dzalanyama ikulowa m'matumba a makala.

Chenjezo limodzi: buku limeneli ndi la anthu ophunzira ntchito ya chipatala. Munthu asawerenge tsamba limodzi, kapena uthenga wa pa WhatsApp, n'kudziyesa dokotala wa banja lake. A WHO ananena mu 2019 kuti tiyi wa masamba a Artemisia asagwiritsidwe ntchito pochiza malungo, chifukwa mphamvu ya m'masamba imasiyanasiyana, ndipo muyezo wochepa umangophunzitsa tizilombo kupima mankhwala. Mwana akatentha thupi, akayezedwe magazi tsiku lomwelo.

MBALI YATHU

Pamene tikudikira kabukuko, pali zimene ife eni tingayambe lero. Popita ku chipatala, nenani zonse zimene mwamwa, nthawi imene munamwa ndi kuchuluka kwake. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tengani botolo, muzu wotsala kapena nthambi yokhala ndi masamba, ndipo ngati pali duwa kapena chipatso chake ndiye bwino koposa, chifukwa ufa wosinja palibe angauzindikire. Pemphani kuti dzina la chitsambacho lilembedwe m'kabuku kanu ka kuchipatala, kuti mukatumizidwa ku chipatala chachikulu nkhaniyo ipite nanu. Inu apongozi ndi anankungwi, ngati mwam'patsa kanthu mayi woyembekezera, uzani mzamba pofika pomwe. Amene muli pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, musawaleke chifukwa cha botolo la pa msika, ndipo musaonjezere china musanafunse. Makanda osakwana miyezi 6 asamwetsedwe mizu, bere la mayi n'lokwanira.

Kwa ana athu amene mukugwira ntchito m'zipatala, kaya ku Mitundu, ku Nathenje, ku Monkey Bay kapena ku Nkhotakota, pempho lathu n'lakuti muzifunsa mofatsa. Mukafunsa kuti, "Kunyumba munayamba mwayesa chiyani, amayi?" mudzamva zambiri kuposa mukafunsa ngati wapolisi. Zimene mwamvazo muzilemba, dzina la mtengo ndi zimene mwaona pa wodwalayo, pakuti kabuku kamene tikufunaka kadzachokera m'zolemba zanu zomwezo.